Jaguar ya pa tisheti ndi Sienta ya mabelo anga

Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine, ndiye mundipirire, nkhani yanga ndi ya magalimoto. Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka kuti mayi wogulitsa kaunjika angadziwe chiyani za injini. Zoona, laisensi ndilibe, chiwongolero sindinachigwirepo. Koma pa sabata ndimakwera galimoto masiku anayi kapena asanu kutsatira misika ya kabwandire ndi mabelo anga, ndipo wokhala kumbuyo naye amaona zake zomwe dalaivala saziona.

Zinayamba ndi tisheti. Chaka chatha nditamasula belo la zovala za ana ndinapezamo tisheti yojambulidwa galimoto yofiira, yaitali mphuno, yonyonyomala pansi ngati mphaka wowendera mbewa. M'munsi mwake munalembedwa kuti Jaguar E-Type 1961. Mwana wanga wamwamuna wa Sitandade 7 anailanda ndisanaiponye n'komwe pa mulu. Kuyambira tsiku limenelo, akaona Sienta yomwe imadzanditenga m'bandakucha amati, "Amama, imeneyo si galimoto, ndi bokosi la matayala. Galimoto ndi iyi." Ndinati ndifufuze kuti ndimuyankhe ndi mfundo, osati kungomukalipira. Zomwe ndinapeza zinandiphunzitsa ine kuposa iyeyo.

Tiyambe ndi ya mwana wangayo. Kampani ya Jaguar sinayambe ndi magalimoto a mabwana ayi. Mu 1922 mnyamata wina dzina lake William Lyons ndi mnzake William Walmsley anatsegula kakampani ku Blackpool, ku England, kopanga timabokosi tokhalamo munthu tomangirira pambali pa njinga yamoto. Tingoti anayambira ku kabaza. Mu 1928 anasamukira ku Coventry, mzinda wa mafakitale a magalimoto. Magalimoto awo ankatchedwa SS, koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pafupi kutha mu 1945 zilembo ziwirizi zinali zitanunkha chifukwa cha asilikali ankhanza a Hitler omwe ankadziwika ndi dzina lomwelo. Ndiye kampaniyo inatenga dzina la Jaguar, chilombo cha ku South America chofanana ndi kambuku.

Britain inatuluka m'nkhondoyo ili ndi ngongole mpaka m'khosi. Boma linkagawa chitsulo kwa makampani poyang'ana kuti ndani akugulitsa katundu kunja n'kubweretsa madola. Mwaona, kusowa kwa ndalama zakunja sikunayambe ndi ife. Lyons anaponya maso ku America komwe kunali ndalama, ndipo njira yodzitchukitsira inali mpikisano. Ku Le Mans, m'dziko la France, magalimoto amathamanga maola 24, usana ndi usiku, kuima kwake n'kothira mafuta, kusintha matayala ndi kusinthana madalaivala basi. Jaguar inapambana kumeneko mu 1951, 1953, 1955, 1956 ndi 1957. Chinsinsi cha mu 1953 chinali mabuleki. Magalimoto ambiri nthawi imeneyo anali ndi mabuleki a dramu, omwe akatentha amafooka. Jaguar, mothandizana ndi kampani ya Dunlop, inaika mabuleki a disiki: chimbale chachitsulo chomwe chimapanidwa mbali zonse ziwiri ndipo chimazizira msanga ndi mphepo. Madalaivala awo ankachedwa kuponda buleki pofika pokhota, anzawo atayamba kale kuchepetsa liwiro. Mfundo imeneyi muisunge, ibweranso.

E-Type ndi mwana wa magalimoto a mpikisano amenewo. Thupi lake analikonza Malcolm Sayer, munthu amene anagwirapo ntchito ku kampani yopanga ndege ku Bristol. Iyeyu sankajambula kuti zikongole, ankawerengera ndi masamu mmene mphepo idzadutsire pa chitsulo, kukongolako kunangotsatira. Anaionetsa koyamba mu Malichi 1961 pa chionetsero cha magalimoto ku Geneva, ku Switzerland, chaka chomwe kwathu kuno, tikadali Nyasaland, kunachitika chisankho mu Ogasiti. Anthu ofuna kuikwera anachuluka mpaka Lyons analamula kuti kubwere ina. Dalaivala woyesa magalimoto a kampaniyo, Norman Dewis, anainyamula ku Coventry madzulo, kuwoloka nyanja pa sitima, kuyenda usiku wonse, m'mawa ali ku Geneva.

Chinawapengetsa anthu n'chiyani? Injini ya malita 3.8, masilinda 6. Mphamvu ya injini amaiyeza mu horsepower, ngati kufunsa kuti ikukoka ngati mahatchi angati, ndipo Jaguar inati iyi ndi mahatchi 265. Liwiro anati mamailosi 150 pa ola, omwe ndi makilomita 240. Mabuleki a disiki matayala onse anayi. Ndipo mtengo unali mapaundi 2,097, pafupifupi theka la mtengo wa Aston Martin yomwe inkathamanga chimodzimodzi. Manyuzipepala anati yotchipa. Ine monga wa pa msika mawu oti "yotchipa" ndimayamba ndafunsa kuti kwa ndani. Bambo wogwira ntchito ya manja ku Britain nthawi imeneyo ankalandira pafupifupi mapaundi 15 pa sabata. Ndiye kuti akanagwira zaka zoposa ziwiri ndi theka, osadya, osalipira lendi, kuti agule galimoto ya mipando iwiri. Iwiri basi. Mwamuna ndi mkazi wake, kapena amene akum'dziwa yekha. Ana atsale kunyumba. Ndi ndalama yomweyo akanagula ti Mini tinayi.

Paja amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Magalimoto omwe anapatsa atolankhani kuti ayese anali okonzedwa mwapadera, ndipo ambiri omwe anthu anagula sankafika pa 150 paja. Mahatchi 265 aja anali owerengedwa injini ili payokha pa benchi, isanamangidwe zonse zomwe zimaidya mphamvu m'galimoto. Giya yoyamba inkakukuta mano ukailowetsa galimoto isanaimiretu, mpaka anasintha giyabokosi mu 1964. Munthu wamtali ankasowa poika miyendo. Pa mzere wa magalimoto m'tauni kotentha injini inkawira. Inali ndi makabuleta atatu ofunika makaniko wodekha kuti aziyimba nyimbo imodzi. Komabe kukongola kunaphimba zonse. Anapanga zoposa 72,000, zambiri zinapita ku America, ndipo mu 1996 nyumba yosungira zaluso ya Museum of Modern Art ku New York inatenga imodzi n'kuiika pakati pa zojambulajambula. Mwana wanga pamenepa sananame, ndi yokongoladi.

Tsono chinaipha n'chiyani? Choyamba, maliro. Ku America mu 1966 anthu oposa 50,000 anafa pa ngozi za pamsewu. Chaka cha m'mbuyo mwake loya wina, Ralph Nader, anali atatulutsa buku lodzudzula makampani kuti akugulitsa kukongola ndi liwiro osalabadira miyoyo. Boma linakhazikitsa malamulo, ndipo kuyambira 1968 galimoto iliyonse yatsopano inayenera kukhala ndi malamba, komanso kuchepetsa utsi. Nzeru zake zinalipo kale, zinkangosowa wozikakamiza. Lamba wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno yemwe timam'dziwayu anam'panga Nils Bohlin wa ku Volvo, ku Sweden, mu 1959, ndipo kampaniyo inalola wina aliyense kukopera osalipira. Ku Mercedes-Benz, Béla Barényi anali atazindikira kale kuti galimoto yolimba paliponse ndi imene imapha: kutsogolo ndi kumbuyo kuzifwanyika kuti kumeze mphamvu ya kugundako, pakati pokhala anthu pokha ndiye palimbe. Ndiye mukamamva abambo akuti magalimoto akale anali achitsulo chenicheni, a masiku ano ndi zitini, muziwauza kuti chitinicho chimafwanyika dala kuti nthiti zanu zisafwanyike.

Malamulowa anaisintha E-Type. Anachotsa magalasi ophimba nyali zakutsogolo, za ku America anazichepetsa makabuleta, mphamvu inatsika. Mu 1971 anaikamo chiinjini cha masilinda 12 kuti abweze mphamvuyo, galimoto inanenepa, inayamba kumwa mafuta ngati chidakwa cha pa mwezi. Kenako mu 1973 maiko a Aluya anatseka mpopi wa mafuta, mtengo unakwera pafupifupi kanayi, ku America anthu anafola pa mafilingi siteshoni monga timachitira ifemu. Mu 1974 E-Type yomaliza inatuluka mu fakitale. Lero kampani ya Jaguar ili m'manja mwa Tata Motors ya ku India, kuyambira 2008. Dziko limazungulira, abale.

Tsopano tiwolokere ku Japan, kwawo kwa bokosi la matayala lija. Apa pali chinthu chinandisangalatsa monga wogulitsa zovala: Toyota inayamba ndi nsalu. Sakichi Toyoda ankapanga makina owombera nsalu, ndipo mwana wake Kiichiro ndi amene anayambitsa kampani ya magalimoto mu 1937. Mu 1958 anayesa kugulitsa galimoto yotchedwa Toyopet Crown ku America, inakanika. Inali yolemera, yopanda mphamvu, pa misewu ikuluikulu inkatentha ndi kunjenjemera, mpaka anaileka. Ndiye kuti nthawi yomwe anthu ankaombera m'manja E-Type ku Geneva, Toyota inali ikubwerera kwawo ndi manyazi. Anakakhala pansi. Mu 1966 anatulutsa Corolla, galimoto yomwe palibe anaijambulapo pa tisheti, koma imadzuka m'mawa uliwonse. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, anthu anayamba kufunsa funso lomwe Japan inali ndi yankho lake.

Galimoto ya banja yooneka ngati bokosi inadza pambuyo pake. Kumapeto kwa 1983 kampani ya Chrysler ku America inatulutsa Dodge Caravan, yaitali denga, yotsika pansi, ya chitseko chokoka cham'mbali kuti mayi alowetse ana ndi katundu osawerama kwambiri. Mu 1984 ku France kunatuluka Renault Espace, yomwe mwezi woyamba inagulidwa 9 zokha, anthu akuiseka ngati mmene amachitira mwana wangayu. Patangopita zaka zochepa kampani iliyonse inkafuna kukhala ndi yake. Sienta ndi mdzukulu wa zimenezi. Toyota inaitulutsa mu Sepitembala 2003, poganizira mabanja achinyamata a m'mizinda ya ku Japan komwe misewu ndi yopapatiza: mipando 7 m'mizere itatu, zitseko zokoka mbali zonse ziwiri, injini ya malita 1.5, ndipo mipando yakumbuyo imapindika n'kulowa pansi pa ya pakati.

Nanga inafika bwanji pa siteji yathu? Ku Japan kuli lamulo loti galimoto ikayezedwe ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyezetsako n'kodula. Ambiri amaona kuti bola kugulitsa n'kugula yatsopano. Iwonso amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife, chiwongolero kumanja. Ndiye zotsalazo zimagulitsidwa pa okushoni, kukwera sitima mpaka pa doko la Dar es Salaam, anyamata athu n'kukazitenga kudzalowera pa Songwe. Mwaiona nkhaniyo? Sienta ndi kaunjika. Mwini wake woyamba anaivala, anaitopa, ife tikuisankha pa mulu. Tisheti ya Jaguar ndi galimoto yomwe ndinanyamulira belo lake zinabwera m'njira imodzi.

Tiziike pamodzi tsono. Pa liwiro ndisakunamizeni, E-Type ingaisiye Sienta ngati yaima. Mahatchi a Sienta ndi 110 kapena kuchepera pang'ono, ndipo mukasuzumira pa wotchi ya liwiro muona kuti imathera pa 180, chifukwa magalimoto opangira msika wa ku Japan amawatsekera pamenepo. Koma musafulumire kuombera m'manja. Honda Odyssey ya ku America ya 2018, galimoto yotengera ana kusukulu, ili ndi mahatchi 280, kuposa galimoto yomwe inagwedeza dziko mu 1961. Pa kulemera, chodabwitsa, E-Type ndi Sienta n'zofanana, zonse zili cha m'ma kilogalamu 1,200 mpaka 1,300. Kusiyana n'koti ina chitsulo chonsecho chimanyamula anthu awiri ndi kachikwama, inayo anthu 7. E-Type pa lita imodzi imayenda makilomita 7 kapena 8, Sienta pafupifupi kuwirikiza kawiri. Mabuleki a disiki aja a ku Le Mans lero ali kutsogolo kwa Sienta iliyonse, ndipo yaonjezera ABS, kachipangizo koletsa matayala kuuma ukaponda buleki mwadzidzidzi, ndi ma airbag awiri kutsogolo. E-Type ya 1961 inalibe zonsezi, ngakhale chotsamira mutu inalibe. Ndikanati ndisankhe yoti igunde mtengo mwana wanga ali m'kati, sindikanaganiza kawiri.

Apa ndi pomwe ndinkafuna kuthera, nditapambana mtsutso wa kunyumba. Koma pofufuza ndinakumana ndi nambala ina yomwe yandisowetsa tulo. Ku Japan, polemba kulemera kwa galimoto itadzaza, amawerengera makilogalamu 55 pa munthu aliyense. Anthu 7 ndiye kuti makilogalamu 385. Ndi katundu amene mapepala a Sienta amamudziwa.

Mwezi wa Juni chaka chatha, kukuzizira, tinanyamuka cha m'ma 4 koloko m'mawa. Tinalimo anthu 11 kuphatikiza dalaivala. Kutsogolo kokha anayi, mayi wina wogulitsa nyemba atakhala theka pa mpando wa dalaivala. Ku buti mabelo anga awiri a makilogalamu 45 lililonse ndi thumba la nyemba la 50, chitseko chitamangidwa ndi mphira. Werengani nokha: tikati aliyense 65, anthu okha ndi 715, kuphatikiza katundu 855. Kuposa kuwirikiza kawiri. Mnyamata woyendetsayo ankathamangira kuti abwerere kudzatenga ulendo wachiwiri dzuwa lisanatuluke. Pa mtsetse wina mbuzi zinadumphira mumsewu. Anaponda buleki, ndinamva galimoto ikunjenjemera pansi pa mapazi, koma siinkaima. Aphunzitsi a sayansi ku Fomu 3 ankatiuza kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi, ine ndinkangolemba kuti ndikhoze mayeso. Tsiku limenelo ndinazimva m'mafupa. Tayala lakumbuyo linaphulika, tinakathera m'ngalande.

Palibe anafa, Mulungu ngwabwino. Ine ndinangosupuka pa bondo. Koma mayi wa nyemba uja anathyoka mkono, anakhala miyezi itatu osapita ku msika, ndipo mukudziwa chimachitika n'chiyani mayi wa bizinesi akakhala pansi miyezi itatu: mpamba umadyedwa. Lero amagulitsa mandasi pakhomo. Malamba 7 onse a m'galimoto muja anali atakankhidwira pansi pa mipando kuti asamasokoneze pofinyana. Nzeru ya Bohlin, nzeru ya Barényi, malamulo omwe anadza chifukwa cha maliro a anthu 50,000 pa chaka, zonse zinawoloka nyanja n'kudzafika bwinobwino pa Songwe, ife n'kuzikhalira. Tinatenga galimoto ya mayi wa ku Japan yopitira ku sitolo n'kuisandutsa lole, kenako n'kumaiyendetsa ngati tili ku Le Mans. E-Type yomwe ija ikachita ngozi inkaika pa chiswe anthu awiri okha, omwe anasankha okha kuthamanga.

Musaganize kuti ndikuloza chala madalaivala okha. Ine ndi achimwene anga takhala tikuponya ndalama ku banki m'khonde kuti tigule Sienta yathu, iwo aziyendetsa, izindinyamula ine ndi anzanga a pa msika. Tsiku lina ndinawauza kuti ikadzabwera, anthu 7 basi, aliyense lamba. Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chitchaina. "Achemwali, olipira akhala 6. Muchotsepo mafuta, matayala, inshuwalansi, msonkho. Mukufuna tizigwirira ntchito filingi siteshoni? Kapena tikweze mtengo, ndiye muone ngati anzanuwo akwere." Ndinasowa choyankha, chifukwa wonenerera mtengo pa siteji woyamba ndine. Kondakitala akati finyanani alowe mmodzi, ndimafinya, podziwa kuti galimoto ikachedwa kudzaza malo abwino pa msika apita. Nkhaniyi sitinaimalize mpaka lero, ndipo ndalama zatsala pang'ono kukwana. Ngati muli m'gulu muno amene munayendetsapo Sienta ya hayala ndi anthu 7 n'kumapeza phindu, ndiuzeni munkachita bwanji, ndikufunsa zenizeni.

Mwana wanga ndinamufotokozera zonsezi, kuyambira ku Blackpool mpaka m'ngalande muja. Anamvetsera, kenako anafunsa kuti E-Type pano ikugulitsidwa zingati. Ndinamuuza kuti zoyambirira zosamalika bwino zimadutsa mapaundi 100,000. Anati, "Ndiye Sienta ikadzakwanitsa zaka 60 adzaiika mu museum?" Ndinamuuza kuti akatsuke mbale. Tisheti ija yamuthina tsopano, koma wakana kuti ndiigulitse.

Lachiwiri lapitali ndinapeza malo kutsogolo, pawindo. Ndinapisa dzanja pansi pa mpando n'kusolola lamba, wakuda bii ndi fumbi. Pokolekera pake munali mutadzaza makoko a mtedza, ndinachita kutokosa ndi pini wa pa chitenje. Utangolira kuti kete, dalaivala anandicheukira.

"Mayi, simukundikhulupirira?"

"Ndikukukhulupirira mwanawe. Mbuzi ndi zomwe sindizikhulupirira."

Galimoto yonse inaseka. Kenako kondakitala anagogoda pa galasi kuti pali bambo wina wa nkhuku watsala, ndimasule lambayo ndisunthe pang'ono.